Zofiira Zanga ndi Chiphaliwali cha ku Hull

Mpaka lero ine ndi apongozi anga sitiyang'anana kumaso. Anthu amati ndi ulemu. Asiyeni aziganiza choncho.

Apongoziwo, mayi a mkazi wanga, anabwera kuno ku Hull, kutsidya kwa nyanja, kuchokera ku Dedza kudzatithandiza kulera khanda lathu, Tadala. Loweruka lina masana kunja kunada bii, mabingu ali gugugu chapatali. Iwo anayamba kuphimba magalasi onse m'nyumba ndi zitenje, kenako anauza mkazi wanga, maso ali pansi: "Muwauze bambo a Tadala avule juzi yofiirayo. Chiphaliwali chimalondola zofiira."

Ine, munthu wa madigiri awiri! Zinandinyansa, ndisaname.

Nthawi yomweyo Gary anaimba hutala panja. Gary ndi mzungu wa kuntchito kwathu. Anthu akamathawa mvula, iye amaithamangitsa pa galimoto n'kumajambula mitambo. (Kwathu munthu wotere tikanapita naye ku mapemphero.) Anakhala akundikakamiza kuti ndidzamuperekeze, ine n'kumakana. Tsiku limenelo ndinavomera, ndipo ndinawonjezera dala thalauza yofiira yothamangira.

"Foni ikhale pafupi," ndinauza mkazi wanga. "Ndiimba pa vidiyo, mayi aone sayansi."

Tinatuluka mu mzinda mpaka kuminda ya tirigu chakunyanja. Kumeneko dziko ndi lasee, kulibe phiri, kulibe chulu, ngakhale mtengo umodzi. Titatsika, Gary anati uku akumwetulira: "Waona? Pano chinthu chachitali kuposa zonse ndife." Ndinamuyang'ana. Gary ndi wamfupi, amandilekeza m'phewa.

Komabe ndinaimika foni pa galimoto n'kuimba. Anaoneka mkazi wanga, apongozi, ndi amayi awiri a ku tchalitchi omwe anabwera kudzaona mwana. Ndinakonza pakhosi.

"Mayi, monga mukuonera, ndavala zofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chiphaliwali chilibe maso. Ndi mphamvu ya magetsi chabe imene..."

Phaaa!

Chinamenya waya wa mpanda chapafupi pomwepo, mpaka ndinamva fungo la chopserera. Abale, madigiri aja sindikudziwa komwe analowera. Manja anga anagwira ntchito okha. Juzi ndinaiponya kutali. Thalauza inakodwa m'nsapato, ndinadumphadumpha ndi mwendo umodzi ndikukuwa "Mayo ine! Yesu ndikhululukireni!" mpaka ndinagwa chagada m'matope. Ndinaimaliza kuvula ndili chigonere, miyendo ili m'mwamba.

"Ukutani iwe? Lowa m'galimoto!" Gary anakuwa.

Ndipamene ndinakumbukira foni. Inali chiimire pamalo pake, yandilunjika bwinobwino. Amayi a ku tchalitchi aja anali atagwirana, misozi ili mbwee ndi kuseka. Apongozi anali atadziphimba kumutu ndi chitenje. (Mkazi wanga sanadule foniyo. Nkhani imeneyo sitinaimalizebe.)

Ndinafika kunyumba nditafunda bulangete la galu wa Gary. Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka chikanangondimenya chiphaliwali chija.

Apongozi anatembenukira kukhoma, n'kulankhula mofatsa kwa mwana wawo: "Muwauze kuti tathokoza Mulungu abwera amoyo. Koma ulendo wina ntchito azimaliza. Kabudula wamkati uja analinso wofiira."

Sayansi ndimaikhulupirirabe, musandimve molakwa. Kungoti Lolemba lake ndinakagula akabudula akuda okhaokha. Mkazi wanga atafunsa, ndinati akuda sawonetsa litsiro.