Njinga Yosalira ya Fanuwelo

Lolemba

Woyamba kundiuza ndi alamu anga a Namaona, lero lomwe pamsika wa Limbuli. Akuti Fanuwelo wa kabaza wagula njinga yamoto yosamwa petulo, imadya magetsi ngati foni. Ine ndikuseka. Iwo sakuseka.

Kenako akuti, "Alamu, Loweruka pa ukwati wa Esinati wanga mudzatilizire imeneyo. Zakale zanu zija tatopa nazo."

Ndavomera, ogulitsa usipa onse akumva. Ndikane bwanji? Zaka zonse zija pageti la ku esiteti ya tiyi ndinkatsegulira galimoto ndisanaione, khutu lokha. Malume anga ankaliza sitima ya ku Luchenza ndi pakamwa mpaka agalu kuthawa, ine ndinatengera iwowo. Kumaukwati kuno amandiitanira chimenechi, osati nkhope. Zomwe zili m'kamwa muno:

- thirakitala ya masamba a tiyi, m'mawa kukuzizira
- lole yokwera chitunda itasenza matabwa
- minibasi yopanda sitata, pamodzi ndi matemberero a okankha
- chigayo cha dizilo mafuta akamatha

Palibe injini inandikanikapo. Masiku asanu ndi ambiri!

Lachiwiri

Ndakhala m'mbali mwa msewu wa ku Milonde, ndatsinzina, chifukwa maso amasokoneza khutu. Yadutsa njinga yakapalasa yopanda girisi. Mbuzi. Amayi awiri akukangana za nandolo. Minibasi ya pulagi imodzi yakufa, ndaimva isanatulukire n'komwe.

Dzuwa lili paliwombo, wina akundigwira phewa. "Agogo, mukudwala? Ndadutsa kanayi pano, muli chitsinzinire."

Fanuwelo! Kanayi!

Koma njingayo ndi yokongola, abale. Paipi ya utsi palibe. Ndagwira pomwe pamayenera kukhala injini, sindinapse. Ndanunkhiza, fungo la chitsulo basi. Wanyamula thumba la makaka, chinangwa chouma chija, ndi mayi wina wathupi ndithu, chitunda cha pamsewupo n'kukwera ngati akutsetsereka.

Lachitatu

Chiperoni. Ndapita kwa Fanuwelo, ndanyamula ndi kampando kanga. Ndamuuza ailize. Wadina kabatani, kwayaka kagetsi kobiriwira.

"Liza, mwanawe."

"Yalira kale, agogo."

Ndagwada m'matope, khutu pachitsulo. Ndamva mimba yanga.

Waiyendetsa kuzungulira bwalo katatu. Kamawu kalipo, inde, koma ngati udzudzu uli m'chipinda cha eni ake. Ndafika kunyumba, ndayesa: "Nziiiii." Mayi a kunyumba andiwomba khofi pakhosi, akuti amafuna kuupha usanandilume.

Masiku atsala atatu. Akadali ambiri ndithu.

Lachinayi

Dzuwa labwerera, petulo wasowanso. Mzere wa pomwetsera mafuta sukuoneka pothera. Anzake a kabaza akukankha njinga zawo thukuta lili kamukamu, ena awoloka malire kukasaka petulo ku Milanje ndi zigubu. Fanuwelo yekha, uku wapita, uko wabwera, okwera akuchita kumulimbirana. Batire limodzi lili panjinga, lina likumwa dzuwa pa sola kunyumba kwake. Munthu kuyendera dzuwa! Dzuwa lomweli timayanikira makaka!

A Namaona akuti kunja kuli mabasi athunthu otere, ndipo tsiku lina ngakhale thirakitala ya ku esiteti idzakhala duu. Ndasangalala, chifukwa utsi wa thirakitala ija ndinaumeza wokwanira mudzi wonse. Ndili m'njira ndiye ndakumbukira: nanga ine ndidzaliza chiyani?

Zomwe ndayesa madzulo ano:

- matayala okha pamchenga. Mayi akuti ndikukazinga chimanga
- tcheni chokha. Akuti ndi mano anga
- kamluzu ka pansipansi. Khanda la aneba lakodzera amake kumsana, andipempha ndisiye

Lachisanu

Ndapulumuka!

Malume ake a mkwati afika kuchokera ku Blantyre ndi galimoto yomwe anthu akuti ndi ya magetsi. Yalowa pabwalo la a Namaona nkhuku osadziwa kanthu. Ndadzipereka kukathandiza kutenga mabenchi kutchalitchi, ine wa bondo lovutali, kuti andikweze basi. Pachigwa ili chete. Pachitunda ndiye ndamva: "Hrrrmmm." Mawu onenepa, ofewa, aulemu, ngati abusa akukonza kukhosi. Ndawagwira! Kusiyana kwake n'kumeneku, njinga ya Fanuwelo ndi kamwana, mawu sanatuluke. Iyi ndi yaikulu.

Masana onse ndili kuseri kwa nthochi. Mayi atulukira, amvetsera, akuti, "Imeneyo ndiye galimoto." Sindinafunse mwini wake kanthu. Ndifunsirenji? Khutu langa silifuna umboni.

Loweruka

Ukwati. Gule wa tchopa watha, andipatsa maiki. Thirakitala, anthu akuseka. Minibasi, mayi wina wagwa pabenchi. Kenako ndikulengeza: "Tsopano ya magetsi!" Hrrrmmm. Ndaikweza chitunda, ndaikhotetsa, ndaitsitsa. Nthungululu!

Aimirira malume a ku Blantyre aja, munthu wabwino zedi, akuwomba m'manja kuposa onse. "Ndendende! Imeneyo ndi yanga ikayatsa injini ya petulo pachitunda. Yangayi ndi ya pawiri, agogo, pokwera petulo amathandiza batire. Tsopano tipatseni mbali ya magetsiyo."

A Namaona ali kumbuyo: "Eya, alamu! Ya Fanuwelo!"

Anthu onse maso ali pa ine. Ndiye ndati chabwino, ndiwapatse yeniyeni. Maiki pakamwa, milomo yotseka, ndikudutsa pakati pawo myaa, osagwedeza ndi mutu womwe. Sindinalizepo chinthu molondola chonchi moyo wanga wonse.

Palibe wamvetsa. Mayi wina akuti, "Apatseni madzi, atsamwa!" Wa zoimbira wayatsa nyimbo. Mpunga ndadyera kuseri.

Lamulungu

M'mawa. Ndikupita kutchalitchi njira yozungulira ya m'tiyi, kuti ndisakumane ndi a ku ukwati. Ndikucheuka, Fanuwelo ali pambali panga. Sindinamumve. Ndasiya kudabwa.

"Kwerani, agogo. Dzulo ine ndinaizindikira, munaliza yangayi."

Ndakwera. Abale inu! Ngati nkhungu ikutsika m'phiri. Ndikumva mbalame m'mabulugamu, madzi pansi pa mlatho, moni wa anthu mpaka kuyankha bwinobwino. Ndagonja. Zolira zikupita, ndipo zipite, iyi yaziposa. Ofuna kudziwa mmene zinkalirira abwere kwa ine ndikadali moyo. Yatsopanoyi ilibe nane ntchito.

Kenako ndaona kuti ndikulankhula osakuwa, ndipo mawu akufika. Ndiye ndamuuza Fanuwelo za kapitawo wina amene anasochera m'nkhungu n'kukagona m'munda wa apongozi ake. Za mmene ndinafunsira mbeta mayi a kunyumba, kuyambira pomwe anandikana. Za bondo langali, chiyambi chake ndi onse amene analigwirapo. Zonse wamva, liwu ndi liwu, ulendo wonse.

Patchalitchi wanditsitsa, wavula chipewa, akutikita khutu.

"Agogo, ya petulo ija inali ndi ubwino wake umodzi."

Pobwerera akuti ndiyende wapansi, ati n'kwabwino pa bondo.