Tsiku limene ananditengera kwa amama m'bokosi

Inu mumandiseka kuti ndikadutsa pa akalipentala a m'komboni mwathu ku Kalingalinga n'kuona bokosi la maliro ndimawolokera tsidya lina la msewu, mumati Yotamu ndi wamantha. Si mantha ayi anzanga, ndi manyazi! Sunthirani kuno ndikuuzeni.

Zinali zaka zija makampani a boma akugulitsidwa, ine ntchito itatha, ndipo chimene chinkandigwira mtima kuti ndisapenge chinali kagulu kathu ka zisudzo. Tinkasewera Loweruka masana mu holo ya m'komboni. Poyamba holo inkadzaza mpaka ana kulendewera m'mawindo, koma kenaka kunabwera tinyumba ta vidiyo, paliponse anthu a karate akuthyolana nthiti pa kanema, anthu athu onse n'kuthawira kumeneko. Loweruka lina tinasewera pamaso pa nkhalamba ziwiri ndi galu, ndipo galuyo anatuluka sewero lili pakati.

Ba Lungu, osunga holo, anatiitana. "Anyamata, nimakukondani, koma mabenchi salipira malaiti. Loweruka ili mukalephera kudzaza, holo nizapatsa munthu wa vidiyo."

Tinali titayesa kale kumata mapepala m'makoma, koma amayi a vitumbuwa ankamatula n'kumakulungira malonda awo, moti dzina la sewero lathu anthu ankaliwerenga lili noninoni ndi mafuta, theka lake litapita ndi kasitomala wina. Ndiye ine, mwini nzeru, ndinaimirira. Sewero lathu linali la achibale olanda katundu wa mayi wamasiye, womwalirayo ndinali ine, ndipo ba Tembo, mtsogoleri wathu amenenso anali kalipentala, anali atakhoma bokosi la tizidutswa ta matabwa n'kulipaka vanishi mpaka kumawala. Ndinati tinyamule bokosilo masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili m'kati nkhope yopaka ufa, tiyende mpaka kumsika, anthu akasonkhana ine nditulukemo n'kulengeza za matikiti.

Ba Tembo anakanda mutu. "Iwe Yotamu, maliro si vinthu voseweretsa."

"Ba Tembo, mufuna holo kapena simufuna?"

Ndinawonjezanso nzeru ina, ndipo iyi ndiyo inandipha zenizeni. Ndinauza Esinati, amene ankasewera ngati mkazi wanga wamasiye, kuti polira asatchule dzina la m'sewero koma langa lenileni, kuti komboni idziwe katswiri wake. Kodi kufuna kutchuka si matenda?

Lachinayi tinanyamuka. Anyamata athu anayi ananyamula bokosi, ine ndagona m'kati manja pachifuwa ngati bwana, ndikupumira pa timabowo ta m'mbali. Esinati anayamba. Mayo ine, mtsikana ameneyu amalira! "Yotamu Mwale, wanisiyira ndani? Yotamu iwe, ukanadikira!" Ine ndemwe m'bokosimo misozi inalengeza, kudzimvera chisoni.

Posakhalitsa ndinamva mapazi akuchuluka, amayi ena atenga nyimbo ya maliro, mawu anayi onse okwana bwino, ndipo ndinati mumtima, Yotamu, ubongo wako ndi wa ku yunivesite. Chimene ndinaiwala, ine wobadwira m'komboni momwemo, n'choti kwathu mwamuna saonerera bokosi likudutsa. Amavula chipewa, amalowa pamzere, n'kulandira mnzake kuti apume. Ndinangomva bokosi lagwedezeka, phewa lina lachoka, lina lalowa, kenaka linanso, ndipo tisanafike n'komwe pa mpope anzanga onse anayi anali atalandiridwa mwaulemu n'kukankhidwira kumbuyo kwa gulu. Ondinyamula tsopano anali anthu achifundo amene sankadziwa kanthu za sewero.

Anandiuza pambuyo pake kuti ba Tembo anayesa kukuwa kuti ni sewero chabe, koma madoda awiri anawagwira m'manja n'kuwakhazika pansi pa mtengo, amvekere chisoni chawasokoneza mutu, apatseni madzi. Nanga Esinati? Amayi anali atamufunditsa chitenje, amugwira uku ndi uku, ndipo iye poona gulu limene sanalionepo chaka chonse anangoti ntchito ndi ntchito, n'kuwonjezera moto.

Ine m'katimo ndinkadikira fungo la nsomba za kapenta ndi phokoso la ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, kuti ndidziwe kuti tafika kumsika. Fungo silinabwere. M'malo mwake bokosi linakhota kumanzere, linatsika kamtsetse, linadumpha ngalande, ndipo ndinamva kulira kwa geti ya malata imene ndimaidziwa kuyambira ndili mwana. Anthuwo anamva dzina, nyumba ankaidziwa, ndiye maliro akanapita nawo kuti? Kumsika?

Uthenga unali utafika kale, paja m'komboni nkhani imathamanga kuposa minibasi. Ndinamva mipando yathu ikutulutsidwa panja, wina akufunsa za nkhuni, wina akuti aitane amayi a chigwirizano kutchalitchi. Kenaka ndinamva mawu a amama. Anzanga, apa kuseka kunandithera. Kulira kwa Esinati kunali kokoma, koma kwa amama kunalibe nyimbo, ankangoti, "Mwana wanga anadya phala m'mawa uno. Anadya phala, ine n'namuona." Mtima wanga unasweka, ndinadziona kuti ndine chitsiru cha zitsiru, ndipo ndinati basi, nditulukemo pompano.

Ndikankhe chivundikiro, sichikusuntha. Ndikankhenso, ngati akhomapo misomali. Kodi chachitika n'chiyani? Pamwamba panali patakhala ba Chanda, neba wathu wa Chibemba, munthu wa thupi lake ndithu. Mukudziwa za chimbuya, kuti ife a chigawo cha kum'mawa tikafedwa Abemba amabwera kudzatiseka ndi kutithira ufa kumutu kuti chisoni chipepuke, ifenso timawabwezera kwawo, palibe wokwiya. Ndiye ba Chanda anali pa ntchito yawo, atakhala phwii pabokosi, akuliza mawu ngakhale kuti kukhosi kunkamveka kuti nawonso alira.

"Awe, ine sinizachokapo apa! Uyu mwana nenze kumuuza, leka kudya mbewa, sanamvere. Manje ona! Nyamuka iwe kapolo wanga, nani azanitapira manzi?"

Ine ndinagogoda. Go go go! Ndinagogodanso, n'kunena ndi ulemu wonse, "Ba Chanda, sunthankoni pang'ono, nifuna kuchoka."

Sindinaone ndi maso, koma akuti ba Chanda anadumpha mpanda wa malata osaukhudza. Chivundikiro chinagwera uko, ine dzuu, nkhope yoyera ndi ufa, thukuta litajambula mizere. Amayi a nyimbo anabalalika, wina anasiya mwana n'kunyamula mpando, madoda aja ovula zipewa anapanikizana pageti ngati mbuzi. Otsala anali amama okha, atakhala pansi miyendo tambalale, akundiyang'ana.

Ndipo mukudziwa chimene ndinanena? Munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine mutu unaima, pakamwa panangotuluka zimene ndinaloweza: "Loweruka lino masana ku holo! Matikiti pakhomo, ana theka!"

Amama anadzuka pang'onopang'ono. Anandigwira masaya, anandigwira makutu, anaika dzanja pachifuwa panga kumvetsera mtima. Atatsimikiza kuti ndili moyo, anavula patapata. Sindikuuzani zambiri, koma anthu amene anathawa anabwerera kudzaonerera, ndipo ba Chanda ali kuseri kwa mpanda ankakuwa kuti, "Menyani, amake Yotamu, mubwezereni m'bokosi!" Atatopa anandikumbatira n'kuliranso, ine ndikulira nawo, ufa wonse uli pa bulauzi yawo. Madzulo ake ndinayenda khomo ndi khomo ndi ba Tembo kupepesa, ndipo mipando ndinalowetsa ndekha.

Loweruka ndinapita ku holo ndikudziwa kuti ndathetsa gulu ndi manja angawa. Ndikafike, mzere wafika kumsewu! Anthu a m'makomboni a Matero, Mtendere, mpaka ena ochokera ku Bauleni, onse akufuna kuona maliro amene anapempha njira. Ba Lungu ankabwereka mabenchi kutchalitchi akumwetulira ngati mkwati, ndipo za munthu wa vidiyo sanazitchulenso. Chovuta chinali chimodzi: pamene ndinamwalira m'sewero, malo amene timafuna anthu alire, holo yonse inafa ndi phwete, wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "Mutsineni poyamba!"

Amama anakhala pabenchi yakutsogolo, chikwama pamiyendo, osaseka ngakhale kamodzi. Titamaliza ndinapita kukagwada pafupi nawo n'kufunsa ngati sewero lawakomera.

"Sewero labwino," anatero akumanga chitenje. "Koma mvera, Yotamu. Ine n'nakulira kale, misozi yako inatha Lachinayi. Tsiku ukadzafa zoona, udzabwere wekha udzandiuze, chifukwa wina aliyense sindidzamukhulupirira."

Kuyambira pamenepo ndimasewera wapolisi, m'busa, ngakhale mtengo ngati pakufunika mtengo, koma womwalira ayi. M'bokosi ndidzalowanso kamodzi kokha, ndipo ulendo umenewo matikiti mudzagulitse nokha.