Aphunzitsi Okana Kunyamuliridwa

Mukafunsa aliyense wa kwathu kuno ku Tlaseng za Aphunzitsi a Dalila, ayambira pa chinthu chimodzi: mayi aja sankafuna kuthandizidwa. Ngakhale kuwatsegulira chitseko, munkapalamula.

Anabwera ku Joni kuchokera ku Mangochi atasiya banja, ati bambowo ankakonda kuwauza zochita. Kuseri kwa nyumba yawo yamalata anatsegula kasukulu kophunzitsa ana athu kuwerenga Chichewa, poti anawo anali atayamba kutiyankha m'Chitswana. Anaphunzitsa ana, kenako ana a anawo, mpaka tsitsi mbuu.

Ine ndimayendetsa takisi. Ndikawapeza pamsewu dzuwa likuswa mtengo, chikwama cha mabuku chili kumanja, ndinkaima.

"Aphunzitsi, kwerani, n'zaulere."

"Tahiru, wamva kuti miyendo yanga ndagulitsa?"

Chimunthu china cha kumgodi chinayesapo kuwalanda chikwamacho mwaulemu. Anachithira ambulera pamsana, n'kuchifunsa kuti mayi ake chinawaimbira liti foni. Chinachoka chikupukuta misozi.

Maso atayamba kuchita khungu, mwana wawo Kabiru anawakonzera chipinda kunyumba kwake ku Waterfall East.

"Amayi, kasukuluka katsekedwe. Tiyeni mukapume."

"Ndikapuma kumanda. Ukandichotsa pano ndiye wandipha."

Anawanyengerera kuti akangochezako Loweruka. M'mawa mwake anapeza bedi loyalidwa bwino, eni ake palibe. Anali atauyamba wapansi. Anafika ku Tlaseng dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, ndipo Lolemba belu la kasukulu linalira monga mwa masiku onse.

Tinaseka, koma mitima inali m'mwamba. Magalimoto a kumgodi sayang'ana nkhalamba, ndipo iwo ankawamva ndi makutu okha. Kabiru anaonda ndi nkhawa. Kuwasiya kunali koopsa, kuwatenga kunali kuwapha.

M'nyengo yozizira yapitayi, tili ambirimbiri pasiteji, tinawaona akubwera ndi mdzukulu wawo Raziya, yemwe ndi mayi wa ana kale. Anaima, n'kunena motsitsa mawu:

"Raziya, tandinyamulirako chikwamachi."

Tonse tinayang'anana. Raziya analandira chikwamacho uku akulira. Ine ndinathamanga kukatsegula chitseko cha takisi. Aphunzitsi anatembenukira kwa ine.

"Ndati chikwama, Tahiru. Sindinati ine."

Anapitiriza wapansi, pang'onopang'ono. Sabata isanathe anatisiya.

Anali atanena kale kuti akadzamwalira asadzawamangirire m'ngolo kumbuyo kwa basi kubwerera nawo ku Mangochi ngati katundu wa matchona, choncho tinawaika konkuno. Pamwambo wathu wa Chisilamu, mwamuna aliyense amasenza jeneza, chonyamulira maliro chija, pang'ono n'kusiyira mnzake. Tsiku limenelo panalibe wofuna kusiyira mnzake. Tinkakankhana mapewa, aliyense kufuna kubweza zomwe anakanizidwa zaka zonsezi. Tinawanyamula mpaka kumanda, ndipo sanatikalipire. Zimenezo zinandipweteka kuposa ambulera.

Pano kasukulu kaja kali ndi loko. Raziya akufuna kukatsegula, Kabiru akuti sangapirire kumva belu lija, ndipo ana athu abwerera ku Chitswana chawo.

Ine ndikafika pokhota pomwe ndinkawapeza paja, phazi limapita lokha pa buleki.

"Akulu, palibe munthu apa, tiyeni," amadandaula okwera.

Ndimadziwa. Ndimangoima pang'ono, kudikira wondikana.