Tenti Yanga pa Thawale ndi Mbuzi za a Alufandika

Lolemba

Tchuthi chayamba! Sabata yathunthu popanda phokoso la makina opangira magetsi a ku Kapichira. Mayi a Tadala ndi ana ali kwa apongozi, kuseri kwa Bangula. Ine ndili pano m'mbali mwa thawale, kotalikirako ndi mudzi, ndekha ndi tenti yanga ya pa kaunjika.

Cholinga: kugona, kuwedza, kusayankhula ndi munthu.

Ndabwera nazo: mphasa, mbaula, tochi, mbedza, kope lino.
Ndayiwala: machesi, neti ya udzudzu.
Zikhomo za tenti zilipo zitatu. Mabowo ake ndi asanu ndi atatu.

Mlamu wanga Zuze, yemwe ndi msodzi, wandisemera zikhomo zina. Akukhoma osandiyang'ana kumaso. Ndamufunsa za ng'ona. Akuti, "Pano sizituluka kawirikawiri, alamu."

Kawirikawiri ndiye kangati?

Lachiwiri

Udzudzu wandidya ngati ndiwo. Dzuwa likangotuluka, m'tenti mukutentha ngati uvuni ya njerwa. Ndakhala pansi pa mgwalangwa, mthunzi wake wokwana mutu wokha.

Kuseri kwa tenti kuli mapazi aakulu ngati mbale! Zuze akuti ndi mvuu, ndamanga panjira yake. Ndasuntha tenti. Ndaganizanso, ndasunthanso.

Masana abwera mayi ena achikulire, dengu pamutu. Ayang'ana tenti, ayang'ana kope langa, agwada. "Ndine Nyamithambo. Ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri." Akudikira. Ndalemba, kuopa mwano. Aomba m'manja: "Takhuta, bwana."

Akuthokozanji?

Nsomba: palibe.

Lachitatu

Ndikutuluka m'tenti, mswachi m'kamwa. Panja pali mzere wa anthu! Ena ziphaso zili kale m'manja.

Tsopano ndamvetsa. Kuno tenti imaoneka madzi akasefukira basi. Tenti, pakhomo pake munthu wa kope ndi cholembera: ndiye kuti kalembera wa thandizo.

Ndafotokoza kuti ndangobwera kudzapuma. Aseka onse. Bambo ena a imvi, a Alufandika, akuti, "Munthu wa nyumba ya malata kugona m'thumba mwa kufuna kwake? Nkhabe, bwana, sizingatheke. Tiuzeni zoona."

Wina wakumbukira kuti ndimagwira ntchito ku damu la Kapichira, ndiye ndiyenera kuti ndadziwiratu kuti madzi akubwera. Amayi akuyang'ana kumtunda kwa Shire.

Ndalumbira kuti ntchito yanga ndi ya mawaya, za madzi sindidziwa kanthu. Ndikamalumbira kwambiri, iwo akugwedeza mitu kwambiri. Akuti bango langa lowedzera ndi loyezera madzi. Umboni wake: silikugwira nsomba.

Lachinayi

Kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Koma njira ya kumtunda yadzaza. Mbuzi, nkhuku m'madengu, matumba a mapira pa njinga. Zonsezi chifukwa cha ine!

Ndang'amba tsamba la dzina la mayi Nyamithambo anthu akuona, kuti adziwe kuti palibe kalembera. Ndalakwitsa kwambiri. Mayiwo akhala pansi pakhomo pa tenti, akulira kuti ndawafufuta pamodzi ndi zidzukulu. Ndawalembanso. Tsopano ena onse akufunsa kuti iwo alakwanji.

Uthenga wa pa foni wochokera kwa mayi a Tadala: "Anthu akuti amayi abisa matumba a ufa kuchipinda. Akuchita manyazi ngakhale kupita kumjigo. Mwapuma mokwanira?"

Chakudya sichikulowa. Mawa m'mawa ndizula tenti, nkhani ithe.

Lachisanu

Ndazula zikhomo zinayi, Zuze wafika ali wefuwefu. Akuti a Alufandika atenga mbuzi zawo zonse, akupita nazo ku Bangula kuti akagulitse madzi asanazikokolole. Mbuzizo akhala akuziweta chichokere madzi a ulendo watha, omwe anawasiya ndi malaya okha a m'thupi.

Kabaza! Fumbi, dzuwa, matayala akulira. Njira yonse ndikupemphera kuti tayala lisaphulike.

Ndawapeza pamsika, ogula atawazungulira kale. Ndagwira chingwe cha tonde. Ndagwada pafumbi, anthu akuonerera. Ndawauza kuti madzi kulibe, thandizo kulibe, pali munthu wopusa mmodzi ndi tenti yake.

Akuti, "Chabwino, sindigulitsa. Bola inuyo muzigona pompo. Mukadzazula tenti ija, tidzadziwa kuti madzi afika."

Ndabwerera. Ndakhomanso zikhomo zinayi zija.

Loweruka

Ndine mkaidi wopanda mpanda.

Ndikayimirira, amayi ochapa kudooko akuyimiriranso.
Ndakwera pachulu kufuna netiweki, wina wakuwa kuti bwana akuthawa.
Ndikapita kuthengo, ndikuyenera kuyenda pang'onopang'ono ngati palibe chondifulumiza.

Mkuja ndikufunika kuntchito. Ndichoka bwanji? Ndikachoka masana, mudzi wonse unditsatira kumtunda. Ndikazemba, mbuzi za a Alufandika zapita.

Madzulo afika mayi a Tadala ndi mlamba wootcha m'kambale. Ayang'ana zotupa za udzudzu kumaso kwanga. Kenako akuti, "Chifukwa chomwe mwamuna angagonere kutchire, anthu n'kumva, ndi chimodzi chokha. Mawa kutchalitchi mukanene kuti ndinakuthamangitsani m'nyumba."

Ndati ndi bodza, komanso ulemu wanga?

Akuti, "Ulemu wake uti, bambo a Tadala?"

Tagwirizana. Akandifunsa ndivomera. Iwo apeke zifukwa ziwiri zing'onozing'ono. Mlamba ndadya wonse, ndi mutu womwe.

Lamulungu

Ndayimirira nthawi ya zolengeza. Ndanena. Tchalitchi chonse chapuma mpweya pamodzi, kenako chiseko mpaka ana a kumbuyo. A Alufandika andigwira dzanja ndi manja awiri: "Mukanangonena tsiku lomwe lija, mwanawe! Tonse tinagonapo panja." Mayi Nyamithambo andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, afunyulula chitenje, atuluka.

Chomwe sindinachiganizire: akulu a mpingo. Atikhazika pa benchi kuseri kwa tchalitchi, apongozi ali pomwepo, Zuze ngati nkhoswe. Afunsa mayi a Tadala kuti ndinawalakwira chiyani.

Tinagwirizana ziwiri. Atchula zisanu ndi chimodzi:
kudya ndikuyang'ana foni;
kulonjeza kukonza chitseko cha bafa kuyambira chaka chatha;
kusadziwa kuti Tadala ali sitandade chiyani;
kufika kwa apongozi, osakhala ngakhale pansi, n'kunyamula tenti.
Ziwiri zinazo sindilemba muno.

Ndamvetsera bwinobwino kufuna chopeka. Palibe. Pachachinayi mawu awo ananjenjemera, ndipo sanali kuchita sewero.

Ndapepesa. Akulu apemphera. Mbuzi zikutsika kumtunda, njinga zikubweza mapira. Tenti ndazula dzuwa likuswa mtengo, palibe wocheuka.

Lero ndigona kwa apongozi, pamphasa, pabalaza. Akuti kuchipinda ndiyambe ndaonetsa kusintha.