Mmene Ndinawasinthira Nkhope Bambo Anga

Masiku ano ndikatsika minibasi kwathu ku Malindi palibe amene amandiitana ndi dzina langa. Ana ndi akulu omwe amangoti, "A Eyayi afika." Ndimamwetulira ngati sizikundikhudza, koma mumtima mumandiwawa. Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba. Koma poti aliyense wopita kumanda kwathu amaona dzenje lili pa chiliza cha bambo anga n'kufunsa, bola ndiifotokoze ndekha, ena asanaithire mchere.

Ine ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkhudzi. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi nzeru za makina zija akuzitcha AI, zimene ife timangoti eyayi. Kwa inu amene simunaigwirepo, ndi pulogalamu ya m'foni imene umacheza nayo ngati munthu. Anaidyetsa zolemba ndi zithunzi zosawerengeka za anthu a m'mayiko onse, ndiye ukaifunsa kanthu, imasakaniza zimene inamezazo n'kukupangira yankho. Siigona, siitopa, siikwiya. Ndipo kawirikawiri imaona bwino kukupekera yankho kusiyana n'kukusiya chimanjamanja (mawu amenewa muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku).

Sindinama, inandithandiza. Alendo akalemba Chingerezi chopota, inali kundiyankhira mwaulemu mpaka abwana anayamba kundiyang'ana ndi maso ena. Mzungu wina wosadziwa Chingerezi atadwala m'mimba, inatimasulira mpaka tinamvana. Tomato wa m'dimba la pa loji atayamba kufota, ndinajambula tsamba limodzi, iyo n'kutchula matenda ndi mankhwala ake, tomatoyo n'kuchiradi. Basi ine mapewa m'mwamba. Munthu akangoti mutu ukumupweteka, ine ndinali nditatulutsa kale foni.

Chaka chimenecho abale tinagwirizana zomanga chiliza cha bambo. Bambo anali msodzi, ndipo anatisiya ine ndili ku pulayimale. Achemwali anga aakulu, amene amakhala ku Blantyre ndipo amakonda zinthu zooneka, analemba pa gulu lathu la pa foni kuti pa chilizapo pamatidwe tayilosi yokhala ndi nkhope ya malemu, komanso tisindikize matisheti. Tonse tinavomera. Vuto linali limodzi. Bambo anajambulitsa kamodzi kokha moyo wawo wonse, ku boma ku Mangochi, atavala jekete yobwereka. Chithunzicho chinali mu fulemu ya galasi, pa msomali pabalaza pa amayi. Chaka chija nyanja inasefukira madzi n'kulowa m'nyumba, chinyezi chinachilowa, chinazilala n'kuchita mawanga. Komabe Lamulungu lililonse amayi anali kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje asanapite ku tchalitchi.

"Zimenezo ndisiyireni ine," ndinalemba pa gulupo. "Eyayi ichikonza chikhala ngati chajambulidwa dzulo."

Nditapita kukachitenga, amayi anachedwa kuchichotsa pa msomali. Anachikulunga m'chitenje chawo chatsopano, n'kuchigwirabe ngakhale ine nditatambasula kale manja.

"Ukachibweze mmene chililimu, mwanawe," anatero. "Ndilibe china."

"Amayi, musadandaule. Izi ndi zanga."

Paja akulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Nditafika ku Nkhudzi ndinachijambula ndi foni chili m'galasi momwemo. Kuwala kwa pa windo kunagwera pa galasipo n'kuphimba nkhope kuyambira pamphumi mpaka pamphuno. Eyayi inandiuza mwaulemu kuti zingakhale bwino nditachitulutsa m'galasi n'kujambulanso. Munthu wanzeru akanangotseka windo kapena kusuntha pang'ono. Ine ndinatenga mpeni wa kukhitchini n'kutsegula fulemu. Pepala linali litamatirira ku galasi chifukwa cha chinyezi chija. Zimenezo eyayi sinkazidziwa, ndipo ine sindinaiuze. Ndinakoka pang'ono. Chinakana. Ndinakokanso, mwachimuna.

Panamveka kaphokoso ngati munthu akusenda nthochi yosapsa. M'manja mwanga munatsala jekete, khosi ndi makutu awiri. Pakati pa makutuwo panali poyera kuti mbee. Nkhope ya bambo inatsalira pa galasi, zidutswazidutswa.

Ndinakhala pansi pa simenti. Kenaka (ndikuchita manyazi kunena) ndinatenganso foni yomweyo n'kuidandaulira. Inandipepesa bwino kwambiri, kuposa mmene anthu ena amapepesera pamaliro. Itatero inati ndisataye mtima, ikhoza kuyesa kukonza chithunzi choyamba chija, cha kuwala pankhope, ngakhale kuti mwina sichingafanane ndendende. Mawu akuti "mwina" ndinawadumpha ngati chithaphwi.

Posakhalitsa pa foni panatuluka bambo wina wooneka bwino zedi. Khungu losalala, maso owala, masaya odzaza ngati munthu amene sanagonepo ndi njala. Ndinamuyang'ana misozi n'kuyamba kutsika. Ndinati awa ndi bambo anga. Muzindimvetsa, ndinali mwana pamene anamwalira, ndipo chithunzi cha pa msomali chija ndinali nditazolowera kuchidutsa osachiyang'anitsitsa. Komanso ndinkafunitsitsa kuti akhale iwo, chifukwa akapanda kukhala iwo ndiye kuti ndawapha kachiwiri.

Mtima utakhala pansi, dyera linabwera. Ndinaiuza kuti iwaveke tayi. Inawaveka. Ndinati iwamwetulitse pang'ono. Anamwetulira, mano onse ali ndondondo. Ndinatumiza pa gulu. Achemwali anayankha ndi timitima tambirimbiri, azisuweni anati, "Koma amalume anali bwana!" Pa gulupo panalibe ndi mmodzi yemwe wa imvi. Akuluakulu onse amene anawadziwa bwino bambo ali ndi mafoni a mabatani. Tayilosi ndi matisheti zinapita kokasindikiza, ndipo galasi lija ndinalikankhira pansi pa bedi.

Amayi anaimba kangapo. "Chithunzi changa chibwera liti?"

"Chili ku Blantyre, amayi, akuchigwiritsa ntchito."

Tsiku lovundukula chiliza linafika. Kwathu chiliza chikamangidwa chimaphimbidwa ndi nsalu, ndipo palibe wosuzumira mpaka mwambo utachitika. Mmisiri anamata tayilosi n'kuphimba, ndipo iye ndi wa ku Balaka, bambo sanawaonepo. Matisheti anafika mochedwa ndi achemwali, ali m'thumba, tinati tigawa tikabwera kumanda. Anthu anadzaza. Kwaya inaimba, amayi a mpingo ali mu yunifolomu. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo, panaima a Saidi, mkulu wa Chisilamu wa ku Namwera, atavala mkanjo woyera ndi kofiya. Iwowa anali bwenzi la bambo la ponda apa nane ndipondepo. Kale ankagula usipa kwa bambo n'kumakwera nawo phiri pa njinga kukagulitsa kwawo. Anabwera ndi ndodo, atakalamba, kudzalemekeza mnzawo.

Mkulu wa mpingo atapemphera, anaitana amayi ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, kuti achotse nsalu. Ine ndinaima kutsogolo, chifuwa chili patsogolo, kudikira kuwomba m'manja.

Nsalu inachoka. Palibe amene anawomba m'manja.

Azakhali anawerama, anadzuka, anapukuta magalasi awo, anaweramanso.

"Kodi ameneyu ndi ndani?"

"Ndi bambo, azakhali," ndinayankha. "Tangowakonza pang'ono."

"Mwawakonza? Achimwene anga anavalapo tayi liti? Mano onsewa anawatenga kuti?" Anasuzumiranso, kenaka anagwira pakamwa. "Iii, anthuni! Uyutu ndi Saidi! Saidi ali mnyamata!"

Agogo ena awiri anayandikira, n'kuvomereza ndi mitu. Mawu anayenda mpaka pansi pa mtengo paja. A Saidi anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anthu akuwapatukira. Anayang'ana tayilosi ija nthawi yaitali.

"Astaghafirullah," anatero motsitsa. Kenaka mokweza, "Anthuni, ine ndili moyo! Wallahi m'mawa womwe uno ndamwa tiyi ndi mbatata. Mwandiika m'manda ndisanafe, komanso mwandiika pansi pa mtanda!"

Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa anyamata a kwaya, kobisa m'manja. Kunafalikira. Ngakhale mkulu wa mpingo anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Ine ndinayesa kufotokoza kuti si ine, ndi eyayi, makina amene amalosera mbali imene yafufutika.

"Eyayiyo ndi mwana wa yani?" anafunsa azakhali. "Anawaonapo achimwene anga? Anadyapo nawo?"

"Ayi, azakhali, ndi za m'foni."

"Ndiye iwe unakafunsa mlendo nkhope ya bambo ako, ife tili moyo?"

Mpaka apa nkhaniyi anthu amaikamba akuseka, ndipo nanenso ndikanatha kuseka nawo. Koma kumbuyo kwanga mayi wina ananong'oneza mnzake, mokweza ndithu kuti ena amve, "Paja mwana sasokera, amadziwa bambo ake." Ndinaona maso a anthu akuchoka pa tayilosi kupita kwa a Saidi, kuchoka kwa a Saidi kubwera pa mphuno yanga, kenaka kwa amayi. Amayi anga, amene akhala okha zaka zonsezi osayang'ana mwamuna wina, anaima pamanda a amuna awo anthu akuwayeza ndi maso. Sanalire. Anatola nsalu ija pansi, anaikung'untha fumbi, n'kuphimbanso chilizacho okha. Kenaka anauyamba wa kunyumba, osayang'ana kumbuyo.

Chakudya chinadyedwa mwakachetechete. Achemwali sanandiyankhule, ngati timitima tija anatumiza ndi munthu wina. Alendo atachepa, amayi anandiitanira pabalaza. Anakhala pa mkeka, pansi pa msomali wopanda kanthu.

"Zonsezo zatha," anatero. "Anthu alankhula, atopa. Ingondibwezera chithunzi changa."

Apa ndiye panalibenso kothawira. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za mpeni, za kukoka, za makutu awiri. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangoyang'ana msomali uja.

"Bambo ako anali ndi chipsera apa," anatero, akuloza pa nsidze yakumanzere. "Ukudziwa anachitenga kuti? Akundifunsira, anabwereka njinga kuti andiperekeze ku chigayo. Njira yonse ankangocheukira kwa ine m'malo moyang'ana kutsogolo, mpaka tinakagunda mtengo wa mango. Magazi ali chuchuchu, iwo akuseka. Tsiku limenelo ndi limene ndinawalola." Anatembenukira kwa ine. "Munthu wako wa tayi uja alibe chipsera. Ndi wokongola, koma sanagwepo chifukwa cha ine."

Sindinagone kwathu. Ndinabwerera ku Nkhudzi, ndipo m'mawa mwake ndinakokera galasi lija kunja kwa bedi, lili fumbi lokhalokha. Sindinayerekeze kulipukuta. Ndinalikulunga pamodzi ndi fulemu yake m'chitenje cha amayi chija n'kukweranso minibasi, nditalifungatira ngati khanda, kondakitala akundifunsa ngati ndanyamula mazira.

Amayi analitengera pakhomo n'kulikweza ku dzuwa. Pa galasipo panali patamatirira kachidutswa ka mphumi, diso limodzi, ndi nsidze yakumanzere. Pa nsidzepo panali kamzere koyera, kopingasa. Anakayang'anitsitsa kamzereko.

"Awa ndiye amuna anga," anatero.

Anaika pepala loyera kumbuyo kwake, analibwezera mu fulemu, n'kulipachika pa msomali wake.

Tayilosi ija tinaigumula ndi tchizulo, ndiye dzenje limene mumaliona pa chiliza. Matisheti sindikudziwa anatuluka bwanji m'thumba, koma lero asodzi a kwathu amakokera makoka atavala nkhope ya tayi, pansi pake palembedwa dzina la bambo anga ndi mawu akuti "Usani mu mtendere." A Saidi anatumiza uthenga kuti tiwasungire awiri, akuti sanajambulitsepo ali mnyamata. Miseche ija sinathe msanga monga amayi ananenera. Pali amayi ena ku tchalitchi amene mpaka lero sakhala nawo benchi limodzi.

Mwina mukuganiza kuti eyayi ndinaisiya. Ayi ndithu, ntchito ya pa loji siingayende popanda iyo, ndipo makalata a alendo imayankhabe bwino. Ndinaifunsanso kuti inandichitiranji zotere. Inapepesa (kupepesa ndiye imatha), n'kunena kuti pamene kuwala kunaphimba sinkaona kanthu, choncho inangoikapo nkhope imene inkaoneka yoyenera pa makutu ndi chibwano chotero. Sinaname. Madzi akatayika sawoleka, ndipo anawataya ndi amene anagwira mpeni.

Chimene sindinauzepo munthu ndi ichi. Ndikatseka maso kuti ndikumbukire bambo anga, amene amabwera ndi bambo wa tayi uja, akumwetulira ndi mano ake onse. Ndinamuyang'ana kwambiri masiku amene aja mpaka anakhazikika, ndipo kankhope kochepa kamene ndinali nako kuyambira ubwana anakakankhira kunja. Ndiye ndikafika kwathu, ana atatha kukuwa kuti a Eyayi afika, ndimalowa pabalaza n'kuima patsogolo pa msomali uja. Diso limodzi lija limandiyang'ana. Amayi akandipeza ndaima pamenepo sandithamangitsa.

"Yang'ana," amatero, "koma manja ako akhale kumbuyo."