Manda a Bambo a Thoko, Kuchokera pa Chulu

Lolemba

Thoko waimba kuchokera ku Joni. Pamaliro a bambo ake sanabwere. Mapepala ake sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Akuti: "Amayi, chithunzi chokha cha pamene agona. Ndingoona."

Ndavomera msangamsanga, osaganiza. Kumanda sapita munthu yekha ngati kudimba. Tidzalowako pomanga chiliza, tikadzakolola. Koma ndikakwera pachulu cha kuseri kwa khitchini, nkhalango ya kumanda imaoneka kutsidya kwa dambo. Kuyang'ana sikulowa.

Ndatsegula chikwama cha malemu, koyamba chichokereni iwo. Ntchito yawo inali kujambula maukwati ndi mpira. Mkatimo:

kamera
galasi lalitali ngati musi
timagalasi tiwiri tokokera zinthu pafupi
mtedza wokazinga m'kapepala
fungo lawo

Ndatseka kaye.

Lachiwiri

Kagalasi kokokera kamamangidwa pakati pa kamera ndi galasi lalitali. Iwo ankakatcha ankhoswe: kamakhala pakati pa awiri, kamafupikitsa mtunda, koma sikachoka osadya. Kabuku kake, ka Chingerezi cha tizilembo ngati nyerere, kakuvomereza. Kakakuluko kamakuza chinthu kawiri, koma pa magawo anayi a kuwala kamadya atatu.

Ndinawerengapo mabuku okhuthala, ndinaphunzitsa ana a eni mpaka kupuma. Kabuku aka sikangandigonjetse.

Madzulo, pachulu. Popanda ankhoswe, manda ndi kadontho kobiriwira. Ndi ankhoswe, dontho lalikulu, lakuda, lovina. Ayi, lovina si dontho, ndi manja anga. Nkhalango yakula kawiri, kunjenjemera kwanganso kwakula kawiri!

Lachitatu

Choimikira kamera cha miyendo itatu chatsala ndi iwiri. Wachitatu ndaupeza ukuchirikiza chitseko cha khola la nkhuku. Bambo a Thoko, inunso!

Ndagubuduza mtondo mpaka pachulu. Pamtondo thumba la nyemba, pathumba kamera. Ndasankha masana kuti ankhoswe adye akhute, kuwala kutsaleko. Tsopano manja ali phee, koma likuvina ndi dziko. Dambo latentha, mpweya ukuchita mafunde, mitengo ikuoneka ngati yamira m'madzi.

Kamera nayo ikukanika kulunjika yokha. Dzii kutsogolo, dzii kumbuyo, ngati munthu woiwala chimene walowera m'chipinda. Zimene yagwira bwino lero:

mchira wa mbuzi
tsamba la nthochi
kabudula wa amuna a mnansi wanga pachingwe, wooneka mpaka ulusi wa chigamba

Lachinayi

Mudzi wadziwa. Mnansi wanga Nachisale, pampanda: "Aphunzitsi, mzinga umenewo mwalozetsa kwathu bwanji? Ngati mukufuna abambo akunyumbawa, bwerani ndi wilibala mudzawanyamule, kujambulako n'kuchedwa."

Ndamufotokozera. Walowa kwake. Kenako wabwera ndi mbale ya kachewere wa ku Lizulu, watula, wandisisita paphewa. Pachipata: "Koma mukamaliza mundijambuleko ndi chitenje chatsopano."

Kudambo kuli abambo ena m'dimba. Akangoona galasi akusiya kuthirira, akuima njoo, khasu paphewa, mimba mkati. Atchinga manda onse! Ndikuwakupiza dzanja kuti asunthe. Nawo akundikupiza, mosangalala.

Lachisanu

Ankhoswe awiri pamodzi. Kabuku kakuti musayese. Ndayesa.

M'mawa, dambo lisanatenthe. Ndikasuzumira m'kamera muli mdima ngati m'nkhokwe. Ndikupotokola galasi ndekha, pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Apo! M'mphepete mwa mitengo, mulu wautali, wofiirira ngati dothi lokumba kumene. Zonse zili mbuu ngati galasi lapakidwa mafuta, m'mbali mwa masamba mwatuluka mizere ya mitundu yosadziwika. Koma mulu ndi mulu. Pamwamba pake kanthu koyera: nkhata ya maluwa!

Tsiku la maliro lija njira sindinaisunge, azimayi anali atandigwira uku ndi uku. Koma mtima ukuti ndi pomwepo.

Ndajambula kumbuyo kwa kamera ndi foni, ndatumiza. Thoko wayankha mawu awiri: "Ababa anga."

Ndalira, chipumi pathumba la nyemba.

Loweruka

Ndakweranso kuti ndipeze chooneka bwinoko. Mulu palibe!

Ndapukuta galasi. Ndapukuta mandala anga. Ndasuntha mtondo. Uko, chakumanzere, mulu waimirira. Uli ndi miyendo inayi. Ukudya udzu. Nkhata ya maluwa ndi kakowa, kali pamsana pake, kakudzitokosa phiko.

Ng'ombe ya alamu anga a Fabiano, ang'ono awo a malemu.

Ndawaonetsa chithunzi cha dzulo. Avula chipewa, ayang'ana nthawi yaitali. "Alamu, achimwene tinawagoneka mkati kwenikweni, kuseri kwa mitengo yonseyo. Pano simungawaone ngakhale mutalumikiza magalasi mpaka kumsewu." Akubweza foni. "Komatu ng'ombeyi mwaijambula mwaulemu."

Si zokhazo. Thoko walemba kuti anzake a kutchalitchi ku Joni anasonkhana kwake dzulo, chithunzi patebulo, kandulo pambali. Anaimba nyimbo zamaliro. Kuimbira ng'ombe ya a Fabiano!

Ndimuuze? Ndisamuuze? Mwana wapeza polirira, ine ndikamulande?

Lamulungu

Misa ku Nzama. Ulaliki wadutsa pamwamba pa duku.

Chithunzi cha manda palibe, ndipo chaka chino sichikhalapo. Ndavomereza. Koma sindingalole mwana wanga azigwadira ng'ombe mpaka kukolola.

Masana ndaimba. Ndanena zonse, ndi kakowa komwe.

Thoko wayamba kuseka, kuseka kwa bambo ake kwenikweni, kuja kothera m'kutsokomola. "Amayi! Kandulo yonse ija!" Taseka mpaka sitikudziwanso ngati tikuseka kapena tikulira.

Atatonthola, mawu ake achepa ngati ali kamwana. "Makinawo asiyeni. Ingondiuzani pakamwa. Agona potani?"

Ndamuuza zimene maso anga anasunga. Pansi pa muwanga waukulu. Pafupi ndi amayi awo. Dothi lofiira, lofewa, adzukulu sanavutike nalo. Masana pamakhala mthunzi. Njiwa zinkalira pamwamba nthawi yonse ya mapemphero, osaopa anthu.

"Bwerezani."

Ndabwereza, mpaka mayunitsi atha.