Tsiku Limene Pulogalamu Inafufuta Ankhoswe

Amene akuti ndine wabodza anyamuke pompano akafunse pa Domasi Mission, chifukwa ambiri amene anali m'holo tsiku limenelo akadali moyo. Ine ndinayamba kujambula maukwati nthawi ya matepi, pamene tinkadula ndi lezala n'kumata ndi selotepi, ndipo kuchokera ku Naisi mpaka pa Songani kulibe banja lolongosoka limene silinadutse m'manja mwangamu.

Ndiye chaka china anzanga a ku Zomba anandinyengerera kuti ndisiye pulogalamu yanga yakale yokonzera mavidiyo, imene ndinkatha kuiyendetsa nditatsinzina, ndiike yatsopano yodzikonzera yokha, akuti imachotsa fumbi, mithunzi ndi aliyense wodutsa kutsogolo kwa kamera. Ndinaiika. Ntchito yake yoyamba inali ukwati wa mwana wa mlongo wawo wa a Namalawa, ankhoswe akuchikazi, bambo wamtali wa ndodo ya mutu wa mkuwa. Iwowa anandiuza maso ali gwa kuti mawu awo onse amveke m'vidiyo, apo ayi atenga mwana wawo kubwerera naye kumudzi, popeza akuchimuna anali atawadula kale pakamwa pa chinkhoswe.

Mabanja onse awiri anapangana kudzaonera vidiyo m'holo Loweruka, 2 koloko masana. Nthawi ya 12 koloko ndikutsegula kuti ndione komaliza, a Namalawa mulibe. Mukumva? Pulogalamu ija inawayesa munthu wodutsa, poti sankakhala pansi, n'kuwafufuta monsemo: kutchalitchi mulibe, kumadyerero mulibe, pa chithunzi cha banja pali mpata, ndodo yokha itaima m'malere ikugwedera, anthu akuiombera m'manja.

Thukuta limene ndinatuluka linadzaza ndowa ziwiri. Ndikuti ndibwerere ku pulogalamu yakale, yatsopano inali itaimeza kale. Ndikuti ndiimbire anzanga aja, netiweki yathawa. Ndipo nthawi yomweyo magetsi anazima, batire la laputopu litangotsala ndi kamzere kamodzi kofiira. Posuzumira pawindo ndinaona a Namalawa akutsika minibasi, ndodo ili m'manja, atafika maola awiri athunthu nthawi isanakwane.

Ndinalowetsa njinga m'nyumba, kukweza tayala lakumbuyo pa njerwa, kulumikiza dainamo ku laputopu ndi waya wa khola la nkhuku, n'kukwera kuyamba kupalasa laputopu ili pahandulo, ndipo ndinapalasa mpaka mababu a m'nyumba zonse za aphunzitsi anayaka, chigayo cha pa Songani chinayamba kulira chokha mwini wake ali kokadya, tcheni chinafiira ngati chagona pamakala, koma ine osaima. Dzanja lamanja likuyendetsa mausi, lamanzere linatenga lezala yanga yakale ija n'kung'amba sikirini pakona, ndipo ndinapisa mkono mpaka m'phewa kufufuza m'bini momwe pulogalamu inataya zinyalala zake. Ndinagwira fumbi, ndinagwira galu wa abusa, ndinagwira mayi wogulitsa mandasi, kenako zala zinakhudza kolala ya suti. Ndikulumbira, anali iwowo, akadali pakati pa kulankhula. Ndinawakoka chithunzi ndi chithunzi, kuwamata ndi selotepi pambali pa ndodo yawo, uku a Namalawa enieniwo akugogoda pakhomo kufunsa ngati zonse zili bwino. Ndinawayankha kuti ndikungosintha malaya.

Nthawi itakwana, tonse tinasonkhana m'holo. Magetsi amene ndinapalasa aja anali asanathe m'mawaya, ndiye vidiyo inayamba. Akuchikazi anakhala mbali iyi, akuchimuna mbali iyo, mkwatibwi atazyolika, chikwama cha zovala zake chili kale pamapazi a malume akewo. Itafika pa mawu a ankhoswe, a Namalawa anaimirira, n'kudzimvetsera okha mpaka liwu lomaliza, ine mtima uli m'mwamba kuti selotepi angamatuke ndi kutentha. Sanamatuke. Kenako anatembenukira akuchimuna.

"Mwanayu akhale. Nyamulani chikwamachi mubwerere nacho kwanu."

Akazi anga, amene amataipa pa ofesi ya koleji, amauza anthu kuti iwo anangodutsa n'kudina mabatani awiri obwezera zimene zafufutidwa, ine ndili kalikiliki panjinga maso ali chitsinzinire. Kudina anadinadi, sindikana. Koma akanadina pa laputopu yozima? Magetsiwo anapalasa ndani?